MAI LOTTE REINIGER (1899–1981), MMISIRI WA SIZASI NDI NYENYEZI YA KU BETELEHEMU

Pa nyengo ya Khirisimasi, m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America muli mwambo wina umene udabwera pamodzi ndi kanema: banja lonse limasonkhana kuonera timakanema tatifupi ta zithunzi zojambula pamanja, timene anthu amatitchula makatuni. Timakanema take ndi tomwetomweto chaka ndi chaka, kotero kuti nkhalamba imene idationa ili kamwana imationanso lero itafukata mdzukulu. Ku Sweden mwambowu udazika mizu koposa, pakuti kuyambira cha m'ma 1960, pa 24 Disembala paliponse, nthawi ya 3 koloko masana, wailesi yakanema ya dzikolo imaonetsa makatuni a Walt Disney, ndipo anthu mamiliyoni amaleka ntchito ndi macheza kuti aone bakha ndi mbewa zapapepala zimene adaziona kale kambirimbiri.

Ena mwa makatuni amenewa ngokomadi. Mu 1932 a Disney adatulutsa Santa's Workshop, m'mene tianthu tating'ono tikupala zidole m'nyumba ya nkhalamba ya ndevu zoyera. Mu 1936 abale awiri a kwa Fleischer adaonetsa ana amasiye amene zidole zao zakale zidathyoka m'mawa wa Khirisimasi, mpaka nkhalamba ina yanzeru idawapangira zatsopano ndi ziwiya za m'khitchini. Mu Disembala 1939, patangopita miyezi itatu chiyambire nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Hugh Harman adatulutsa Peace on Earth, m'mene gologolo wokalamba akusimbira zidzukulu zake momwe anthu adaphanirana mpaka kutha psiti, nyama nkutsala zikumanga mudzi ndi zisoti zachitsulo za asilikali akufa.

Koma munthu akafunafuna m'timakanema tonseti Mwana amene chikondwererocho chimakumbukira, kawirikawiri amangopezamo chisanu choyera, mphatso ndi nkhalamba ya mkanjo wofiira. Mwa amisiri owerengeka amene adaika kubadwa kwa ku Betelehemu pa kanema wa mtundu uwu padali mai wina wa ku Germany, Lotte Reiniger. Iwo adachita zimenezi kawiri, mu 1921 ndi mu 1956, ndipo chida chao chachikulu chidali sizasi. Pakati pa makanema awiriwo pali zaka 35, ndipo zambiri mwa zakazo maiwa adazitha alibe dziko lowalandira.

UBWANA, NDI MAKOSWE A MTENGO

Charlotte Reiniger, amene aliyense ankamutchula Lotte, adabadwa pa 2 Juni 1899 ku Charlottenburg, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Berlin. Akali wamng'ono adaphunzira luso lodula mapepala akuda ndi sizasi, kutulutsamo nkhope za anthu, mbalame ndi maluwa. Lusoli lidali lakale ku Ulaya. Makina ojambulira asanabwere, munthu wosauka amene sakadatha kulipira mmisiri wa utoto ankangodulitsa chithunzithunzi cha nkhope yake pa pepala lakuda, ndipo chithunzi chotchipa chotere adachipatsa dzina lachipongwe lakuti silhouette, kunyoza Étienne de Silhouette, nduna ya zachuma ya ku France ya mu 1759, imene idatchuka ndi kuumira. Mtsikanayu adakopekanso ndi masewero a ku China, m'mene zidole zafulati amaziyendetsa kuseri kwa nsalu younikidwa ndi nyale. Tsono adadzimangira kabwalo kake m'nyumba mwa makolo ake, nayamba kusangalatsa abale ndi anzake ndi zithunzithunzi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Lotte ali ndi zaka pafupifupi 16, adapita kukamva Paul Wegener, katswiri wa zisudzo ndi kanema, akulankhula za zodabwitsa zimene kamera ingachite ndi zinthu zopanda moyo. Adabwerako mtima uli dyokodyoko. Adaumiriza makolo ake mpaka adamlola kulowa sukulu ya zisudzo ya Max Reinhardt, pakuti Wegener ankasewera m'gulu la Reinhardt yemweyo. Pa bwalo la zisudzo mtsikanayu sadatchuke. Chimene chidamdziwitsa ndi zimene ankachita kuseri, podikira nthawi yake yolowa: ankadula zithunzithunzi za osewera anzake mofulumira, ndipo zinkafanana ndi eni ake kotero kuti aliyense ankazindikira kuti uyu ndi uje. Wegener ataziona adampatsa ntchito yokongoletsa mau olembedwa amene ankaoneka pakati pa zithunzi, popeza kanema wa masiku amenewo adali wosalankhula.

Mu 1918 Wegener ankapanga kanema wa nthano yakale ya mzinda wa Hameln, ya woimba chitoliro amene adatsogolera makoswe onse kunja kwa mzinda. Monga Mai Reiniger ankasimbira atakalamba, makoswe enieni atawamasula mumseu adangoti balala, lina uku lina uko, osalabadira chitoliro. Adayesa mbira zopakidwa utoto wotuwa ndi kumangiriridwa michira, koma izo sizidafune konse kutsata munthu. Potsiriza adasema makoswe a mtengo, nawayala mumseu. Ankawasuntha pang'ono, kamera nkutola chithunzi chimodzi, kuwasunthanso pang'ono, kamera nkutolanso china, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ataonetsa zithunzizo motsatana, makoswe a mtengo aja adathamanga mwadongosolo pambuyo pa woimba chitoliro. Lotte adali mmodzi mwa osuntha makoswewo, ndipo tsiku limenelo adaona njira yoyendetsera tianthu take tapapepala popanda ndodo kapena dzanja looneka.

Wegener adamtumiza ku Institut für Kulturforschung, kagulu ka achinyamata a ku Berlin kotsogoleredwa ndi Hans Cürlis, kamene kankayesa njira zatsopano za kanema wophunzitsa. Kumeneko, mu 1919, Lotte adatsiriza kakanema kake koyamba, ka mphindi pafupifupi zisanu, kotchedwa Das Ornament des verliebten Herzens. Kumenekonso adakumana ndi Carl Koch, mnyamata wophunzira mbiri ya zaluso amene ankadziwa bwino za kamera. Adakwatirana mu 1921, ndipo m'chaka chomwecho Mai Reiniger, ali ndi zaka 22, adapanga Der Stern von Bethlehem, ndiye kuti Nyenyezi ya ku Betelehemu. Chaka chotsatira adapanga nthano ya Cinderella. Kuyambira pamenepo mpaka imfa idawalekanitsa, mkazi ankadula ndi kusuntha, mwamuna ankayang'anira kamera.

GOME LAGALASI

Kuti munthu amvetse moyo wa Mai Reiniger, ayenera kuyamba wamvetsa gome lao, pakuti zaka zoposa 60 adazithera atawerama pamenepo. Gomelo lidali ndi chiboo chachikulu pakati, chovundikiridwa ndi galasi. Pansi pa galasi padali nyale zowala, pamwamba pake, moyang'ana pansi, padali kamera. Nyale zonse za m'chipinda ankazizima. Motero chinthu chilichonse chogonekedwa pagalasipo chinkaoneka chakuda bii pakati pa kuwala.

Munthu aliyense wa m'nthano ankamdula m'zidutswa: mutu padera, khosi padera, chifuwa, mikono, zigongono, manja, ntchafu, miyendo ndi mapazi. Zidutswazo zidali za pepala lolimba lakuda, zina za mtovu wosulidwa mopyapyala kuti zigone bwino pagalasi ndi kuti zisapindike ndi kutentha kwa nyale. Ankazilumikiza ndi timawaya, ndipo popeza kuwala kunkachokera pansi, mfundo zonsezo zinkabisika mumdima wa chithunzithunzicho. Munthu mmodzi yemweyo ankamdula kangapo, wamkulu woonekera pafupi ndi wamng'ono woonekera patali. Mapiri, mitambo ndi nkhalango ankazidula pa mapepala opyapyala oonekera mkati. Pepala limodzi linkapereka mthunzi wopepuka wa phiri lakutali, atatu kapena anai osanjikiza ankapereka mdima wa mtengo wapafupi. Pambuyo pake adasanja magalasi angapo, lina pamwamba pa linzake, kuti zapafupi ndi zakutali zizisuntha mosiyana, zaka zoposa khumi a Disney asanatchuke ndi makina a mtundu womwewo mu 1937.

Kanema wolankhula amaonetsa tizithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Mphindi imodzi imadya tizithunzi 1,440, ndipo kanema wa mphindi 10 amafuna 14,400. Pakati pa kachithunzi kamodzi ndi kanzake, zala za mmisiri ziyenera kusuntha mwendo, mkono, mchira wa kavalo ndi phiko la mbalame, chilichonse pa muyeso wake. Akalakwitsa, cholakwacho chinkadziwika patapita masiku, filimu itatsukidwa, ndipo ankayambiranso.

Chovuta china nchakuti chithunzithunzi chilibe nkhope. Sichingatsinzine, sichingagwetse msozi wooneka, ndipo nthawi zonse chimayang'ana cham'mbali. Chisoni, mantha, manyazi ndi chikondi, zonse ziyenera kuoneka pa kaweramidwe ka khosi ndi katambasulidwe ka zala. Nchifukwa chake Mai Reiniger ankatha nthawi yaitali akuyang'anitsitsa ovina, ndiponso nyama za kumalo osungirako zilombo, kuti adziwe mwendo umene umayamba kunyamuka ndi umene umatsatira. Amene adaonapo manja a tianthu tao amavomereza kuti pa mbali imeneyi palibe adawaposa.

ZAKA ZITATU CHOGWADA

Chaka cha 1923 ndalama ya ku Germany, marki, idagwa mphamvu kotero kuti pofika Novembala mkate umodzi unkagulidwa ndi mamarki mabiliyoni 200, ndipo wantchito akalandira malipiro ankathamangira kusitolo mitengo isanakwerenso. Mwini banki wina wa ku Potsdam, Myuda, dzina lake Louis Hagen, pofuna kupulumutsa chuma chake adagula mipukutu yambiri ya filimu yosajambulidwa, katundu amene sakadasanduka pepala wamba mawa lake. Iye adaona ntchito za Mai Reiniger, nawapempha kuti apange kanema wamtali wa zithunzithunzi zokhazokha. Ambiri adaseka, pakuti pa masikuwo makatuni adali oseketsa anthu mphindi zochepa kanema weniweni asanayambe.

Chipinda chimene Hagen adawapatsa chidali pamwamba pa galaja, ndipo denga lake lidali lalifupi. Kuti kamera italikire mokwanira, galasi lidayenera kutsika pafupi ndi pansi, choncho Mai Reiniger ankagwira ntchito chogwada pa mpando wa galimoto yakale yophwasulidwa. Adagwada motero kuyambira 1923 mpaka 1926. Owathandiza adali owerengeka pa zala: amuna ao a Koch pa kamera, Walter Ruttmann amene ankapanga mitambo, moto ndi zamatsenga za kumbuyo, Berthold Bartosch amene adapanga mafunde a nyanja ndi nyenyezi, ndi ena awiri kapena atatu. Adatola tizithunzi pafupifupi 250,000, ndipo tosakwana 100,000 ndi timene tidalowa m'kanemayo.

Kanemayo, Die Abenteuer des Prinzen Achmed, ngwa mphindi pafupifupi 65, ndipo nkhani yake idachokera m'nthano zachiarabu za mausiku 1,001: mwana wa mfumu atengedwa ndi kavalo wouluka, akumana ndi Aladdin ndi nyale yake, ndipo mfiti yaikazi ilimbana ndi wamatsenga, onse awiri akusanduka mkango, njoka, chinkhanira ndi tambala. Eni nyumba za kanema ku Berlin poyamba adachita naye mphwayi. Ku Paris ndiko adatchuka mu Julayi 1926, ndipo kumeneko banjali lidapalana ubwenzi ndi Jean Renoir, wopanga makanema wa ku France. Pambuyo pake Berlin nayo idamlandira. Anthu ambiri amaganiza kuti katuni yoyamba yaitali ndi Snow White ya a Disney ya mu 1937, imene idapangidwa ndi antchito mazanamazana. Zoona zake nzakuti Quirino Cristiani wa ku Argentina adapanga ina mu 1917, koma idapsa ndi moto, ndipo mwa makanema aatali a mtundu uwu amene adakalipo, wakale koposa ndi uja wa pamwamba pa galaja.

Kanema atayamba kulankhula, Mai Reiniger adatembenukira ku nyimbo, makamaka za Mozart zimene ankazikonda kwambiri. Papageno wa mu 1935, wosaka mbalame wa m'sewero loimba la Mozart, adamdula ndi kumsuntha motsata kayendedwe ka nyimbo, kachithunzi ndi kachithunzi, ndipo ambiri amamuyesa wokongola koposa mwa timakanema tao tatifupi.

ALENDO M'MAIKO A ENI

Adolf Hitler adatenga ulamuliro mu Januwale 1933. Mai Reiniger ndi amuna ao sadali Ayuda, koma abwenzi ao ambiri adali Ayuda, ena adali otsutsa boma monga mlembi Bertolt Brecht, ndipo maganizo ao pa ndale sadagwirizane ndi chipani cholamulacho. Adaona anzao akuchotsedwa ntchito, ena akumangidwa, ena akuthawa usiku. Chakumapeto kwa 1935 iwonso adanyamuka.

Palibe dziko limene lidawapatsa chilolezo chokhalitsa. Akale adati mlendo ndi mame, ndipo maofesi a m'malire ankaonetsetsa kuti mamewo akamuke pa nthawi yake: chilolezo cha miyezi ingapo chikatha, ankalongedza sizasi ndi mapepala nkupita kukapempha china kwina. Kawirikawiri mwamuna adali ku Paris, kuthandiza Renoir pa makanema ake otchuka La Grande Illusion wa mu 1937 ndi La Règle du jeu wa mu 1939, mkazi ali ku London, nyanja ili pakati pao. Ku London Mai Reiniger ankapanga timakanema tolengeza ntchito za positi ofesi, monga The Tocher wa mu 1938, wolimbikitsa anthu kusunga ndalama. Mmisiri amene adatha zaka zitatu pa nthano ya mwana wa mfumu tsopano ankadya za kulengeza matelegalamu, ndipo ntchito zazing'onozo adazidula mosamala chimodzimodzi.

Nkhondo itayamba mu 1939, Mjeremani sakadakhalanso mwamtendere ku France kapena ku England. Renoir adawaitanira ku Roma kumene ankayamba kanema wa Tosca. Mu 1940 Renoir adachoka, ndipo a Koch ndiwo adatsiriza kanemayo. Banjali lidakhala ku Italy zaka zingapo. Kenaka kudabwera uthenga wakuti mai ao a Mai Reiniger akudwala ndipo ali okha ku Berlin, mzinda umene mabomba ankaugwera usiku ndi usiku. M'nyengo yozizira ya pakati pa 1943 ndi 1944 adabwerera kudziko limene adalithawa, kukadwazika nkhalambayo.

Kumeneko adayamba kanema wa nthano ya tsekwe wagolide, Die goldene Gans, pansi pa boma lomwe lija ankalikana. Alipo amene angawaweruze pa chimenechi. Koma woweruzayo ayambe wafunsa chimene mwana wamkazi ayenera kuchita mai wake akagona pamphasa mumzinda woyaka moto, ndiponso akumbuke kuti chimene chidatuluka m'manja mwao m'miyezi imeneyo chidali nthano ya ana, yopanda mbendera kapena msilikali. Mu 1945, Berlin ikugwa, filimu yoyambirira ya Prinz Achmed idaonongeka. Mwamwai kope lina lidasungidwa ku London, ndipo kuchokera pa limenelo akatswiri a ku Frankfurt adakonzanso kanemayo ndi mitundu yake mu 1999. Nkhondo itatha, banjali lidakhala zaka zina m'mabwinja a Berlin, likuchita masewero a zithunzithunzi, mpaka mu 1949 pamene lidasamukira ku England kosabwereranso.

NYENYEZI YACHIWIRI

Adakakhala ku New Barnet, kumpoto kwa London, pa malo a amisiri otchedwa Abbey Arts Centre. Poyamba ntchito idali yomwe ija ya positi ofesi, ndipo mwa timakanema ta nthawi imeneyo muli Christmas is Coming ka mu 1951, kokumbutsa anthu kutumiza makalata ndi mphatso za Khirisimasi nthawi ikadalipo. Koma ku London komweko kudali munthu wina amene adawadziwa akali mwana: Louis Hagen wamng'ono, mwana wa mwini banki uja wa ku Potsdam. Iyeyu adatsekeredwa m'ndende ya chibalo ya Anazi mu 1934, adathawira ku England mu 1936, ndipo mu 1944 adamenya nkhondo ku Arnhem m'gulu la Angerezi, atasintha dzina kuti asadziwike ngati atagwidwa. Tsopano adali ndi kampani yake ya makanema, Primrose Productions, ndipo adachita monga adachitira bambo wake zaka 30 zapitazo: adawapatsa Mai Reiniger gome, kamera ndi filimu.

Nthawi idawakomera, pakuti wailesi yakanema inkalowa m'nyumba za anthu, ndipo idali yoonetsa zakuda ndi zoyera zokha. Makatuni a mitundumitundu ankafwifwa pamenepo, koma chithunzithunzi chakuda chinkaoneka bwino lomwe. Pakati pa 1953 ndi 1955 adapanga nthano zoposa khumi za mphindi 10 iliyonse, zimene ana a ku England ndi ku America adaziona: Hansel ndi Gretel, Thumbelina, chiwala ndi nyerere, ndi zina. Ya telala wolimba mtima, The Gallant Little Tailor, idalandira mphotho ku Venice mu 1955.

Mu 1956, ali ndi zaka 57, adabwerera ku nkhani imene adaidula ali mkwatibwi. The Star of Bethlehem ngwa mphindi pafupifupi 18, ndipo adapangidwa mogwirizana ndi kampani ya ku America ya makanema achikhristu, Cathedral Films. Amasimba kubadwa kwa Yesu ndi ulendo wa anzeru a kum'mawa otsogoleredwa ndi nyenyezi. Uyu ndi kanema wa mitundu, koma mitunduyo ili kumbuyo, m'thambo ndi m'mapiri, ndipo anthu, angelo ndi nyama adawasiya akuda monga kale. Popeza kuwala kumadzera pansi pa galasi, chithunzi chonse chimayaka ngati zenera la magalasi amitundu la m'tchalitchi dzuwa likaliomba.

Pali nkhani zina zimene luso la sizasi limazichepetsa, koma iyi imaliyenera ngati kuti zidabadwira pamodzi. Zambiri za m'nkhaniyi zidachitika usiku: abusa ali kudambo ndi nkhosa, alendo akuyenda poyang'ana kumwamba, Yosefe akudzutsidwa kutulo. Munthu woyenda usiku amaona zinthu monga momwe Mai Reiniger ankazidulira, ngamira pamwamba pa chitunda ili bii, thambo likuyera kumbuyo kwake. Ndiponso mmisiri aliyense wa utoto amene adajambulapo Maria Virigo adayenera kusankha khungu lake, maso ake ndi tsitsi lake, ndipo kawirikawiri adasankha za akazi a kwao. Mmisiri wa sizasi samakumana ndi funso limenelo. Amangodula mai woweramira mwana, nkhope yake nkuisiyira woonera aliyense, wa ku London, wa ku Goa kapena wa ku Bahia, kuti aikepo imene mtima wake ukudziwa.

Nkoyeneranso kuona anthu amene adazungulira gome lija m'chaka chimenecho. Wodula adali mai amene adatha zaka zambiri akupempha chilolezo m'maofesi a maiko osiyanasiyana. Pambali pake padali mwamuna wake, mnzake wa m'maulendo onsewo. Mwini kampani adali Myuda wopulumuka m'chibalo. Nyimbo adakonza Peter Gellhorn, amene adagwirapo ntchito ndi Mai Reiniger ku Berlin, nathawa mu 1935, ndipo mu 1940 Angerezi adamtsekera pa chilumba cha Isle of Man monga mlendo wa dziko la adani. Luka Woyera akulemba kuti m'nyumba ya alendo mudalibe malo, ndipo Mateyo Woyera akusimba za banja lothawira ku Ejipito usiku poopa mfumu. Anthu anai awa sadafunike wowatanthauzira mitu imeneyo.

Kanemayu sadatchuke ngati makatuni a ku Hollywood, ndipo ngakhale lero salowa kawirikawiri m'ndandanda wa zoonetsedwa pa Khirisimasi. Alibe zoseketsa, sathamanga, ndipo mwana wozolowera mbewa zogwetsana angayambe watopa naye. Adasungidwa komabe, ndipo bungwe la British Film Institute lidamtulutsanso pamodzi ndi Prinz Achmed, kotero kuti wofuna kumuona angathe kumpeza.

ZAKA ZOTSIRIZA

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Mai Reiniger adapanga timakanema tina toonetsedwa pakati pa masewero a Khirisimasi m'nyumba za zisudzo, monga ku Coventry. Mu 1961 adalandira unzika wa Britain, patapita zaka 26 chichokere kwao. Mu Disembala 1963 a Carl Koch adamwalira, atakhala m'banja zaka 42, ndipo gome lagalasi lidazima. Kwa zaka pafupifupi khumi maiwa sadapange kanema. Adalemba buku lophunzitsa luso lao, Shadow Theatres and Shadow Films, limene lidatuluka mu 1970, ndipo m'menemo adafotokoza momwe munthu angapangire bwalo la zithunzithunzi ndi zinthu za m'nyumba.

Achinyamata ndiwo adawadzutsanso. Makanema ao akale adayamba kuonetsedwa mwatsopano, dziko la Germany lidawapatsa mphotho ya Filmband in Gold mu 1972 ndi mendulo ya ulemu ya boma mu 1979, ndipo masukulu a ku America ndi ku Canada adawaitana. Nkhalamba ya zaka zoposa 70 inkaima patsogolo pa ophunzira, sizasi ili m'dzanja limodzi, dzanja lina likuzunguza pepala, nkutulutsa kavalo kapena wovina isanatsirize kulankhula. Mu 1974 adabwerera pagome ndi The Lost Son, fanizo la mwana wolowerera. Ku Montreal, ndi bungwe la makanema la dziko la Canada, adapanga Aucassin et Nicolette, ndipo mu 1979 adatsiriza The Rose and the Ring. Kakanema kao kotsiriza, ka nyengo zinai za chaka, adakapangira nyumba yosungiramo za kanema ya ku Düsseldorf mu 1980, ali ndi zaka 81.

Ana adalibe. Mphamvu zitayamba kuchepa, m'busa wina wa mpingo wa Chilutera, Alfred Happ, amene ankakonda masewero a zithunzithunzi ndipo pambuyo pake adalemba mbiri ya moyo wao, adawalandira m'banja lake ku Dettenhausen, mudzi wa pafupi ndi Tübingen, kumwera kwa Germany. Adamwalira kumeneko pa 19 Juni 1981, patapita masiku 17 atakwanitsa zaka 82, ndipo adaikidwa m'manda a mudziwo. Zambiri mwa zimene adasiya zili m'nyumba yosungiramo zakale ya mzinda wa Tübingen, kumene mlendo angathe kuona pafupi tianthu tao tapapepala, ndi timawaya tija ta m'zigongono ndi m'maondo.